Dzuwa Limodzi, Njala Zosiyana: Chuma ndi Masoka a Nyengo m'Mbiri ya Malawi

Pali funso limene mbiri ya dziko lathu yakhala ikutifunsa kwa zaka zoposa 160, ndipo tsopano, pamene nyengo yasokonekera pa dziko lonse lapansi, funsolo labweranso ndi mphamvu. Mvula ikakana kugwa, kapena ikagwa mopitirira muyeso, nchifukwa ninji anthu a mudzi umodzi, omwera chitsime chimodzi, sakumana ndi tsoka lofanana? Dzuwa limene liwotcha munda wa mfumu ndi lomwelo liwotcha munda wa mkazi wamasiye. Komabe pofika mwezi wa Febuluwale nyumba ina iphikabe kawiri pa tsiku, pamene ina yagulitsa kale mbuzi, mphika ndi khasu lomwe.

Ife amene tidaphunzira filosofi tikumbukira kusiyana kwa chinthu chimene chingopereka mpata ndi chinthu chimene chili gwero lenileni. Mphepo ikagwetsa mtengo umodzi m'nkhalango nkusiya inzake ili chilili, sitiweruza mphepo yokha ai, koma tifukula pa tsinde kuti tione ngati chiswe chidadya kale mizu. Momwemonso chilala ndi chigumula zipereka mpata, koma chimene chisankha woti afe ndi woti apulumuke ndi makonzedwe a anthu eni ake: mwini nthaka ndani, wolandira malipiro ndani, ndipo ndani ali ndi m'bale woti nkumuthawira. M'nkhani ino tifuna kutsata mfundo imeneyi pa nthawi zinayi za mbiri yathu, ndizo chaola cha 1862, njala ya 1949, njala ya 2002, ndi namondwe wa 2023.

Tiyenera kunena poyamba kuti zilala za 1862 ndi 1949 sizidadze chifukwa cha kusintha kwa nyengo kumene tikukuona lero. Dziko lino lakhala likuona zaka za ng'amba ndi zaka za madzi kuyambira kalekale. Koma popeza zaka zoipa zikubwera kawirikawiri tsopano, nkwanzeru kufunsa masoka akale kuti atiuze njira imene tsoka lidutsa likalowa pakati pa anthu, pakuti njirayo sidasinthe kwenikweni.

Chuma monga makolo adachidziwira

Tiyambe ndi chigwa cha Shire m'zaka za pakati pa 1800 ndi 1860. Amang'anja a kumeneko sadali kudalira munda umodzi. Adali ndi minda ya kumtunda, yotchedwa mphala, m'mene ankabzala mapira ndi mchewere, mbewu zopirira ng'amba. Adalinso ndi madimba m'mphepete mwa mtsinje, m'mene madzi akaphwa ankabzala chimanga, nyemba ndi maungu pa nthaka yachinyezi. Mvula ikalephera kumtunda, dimba linkaombola banja. Kuonjezera apo ena ankaphika mchere, ena ankasula makasu, ena ankaomba nsalu za thonje kapena kupha nsomba, ndipo zonsezi zinkasinthanitsidwa ndi chakudya cha kumadera kumene mvula idagwa bwino.

Katswiri wa mbiri Elias Mandala, m'buku lake la 2005 lonena za chakudya m'Malawi, adafotokoza mwambo wa chidyerano. Amayi a mbumba imodzi ankaphika aliyense pa mafuwa ake, koma mbale zonse zinkabwera pamodzi, abambo kwaokha, amayi ndi ana kwaokha. Mwana wa m'nyumba imene nkhokwe yake yatha ankadya osapempha. Iyi ndiyo nzeru ya mwambi uja wakuti kupatsa nkuika: amene wadyetsa mnzake chaka chino wasungitsa chakudya chake kwa mnzakeyo. Mandala adasiyanitsanso mawu awiri amene anthu a m'chigwamo agwiritsa ntchito. Njala ndi ija ya chaka ndi chaka, imene iluma osauka miyezi ya dzinja. Chaola ndi chija chobwera kamodzikamodzi, chimene chiphwasula midzi yathunthu.

Nazonso akachisi a mvula adali ndi mbali yao. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene adafufuza kwa zaka zambiri za kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, adaonetsa kuti pa malo oterewa nthaka ndi mvula zinkatengedwa ngati nkhani ya dziko lonse, kotero kuti mfumu yopondereza anthu inkatha kudzudzulidwa pa nthawi ya chilala. Sitinena kuti nthawi imeneyo idali ya mtendere wokhawokha, pakuti kudali akapolo, ndipo kudali mabanja amphamvu ndi ofooka. Chimene tifuna kugwira nchakuti munthu wolemera adali uja wokhala ndi anthu ambiri omulimira ndi omudyetsa, ndiponso minda ya mitundu iwiri. Mmphawi weniweni adali uja wopanda mbumba.

Chaola cha 1862 ndi 1863

M'chaka cha 1861 amishoni a Universities' Mission to Central Africa, motsogozedwa ndi Episkopi Charles Mackenzie, adakhazikika ku Magomero. Adapeza dziko lili pa chipwirikiti. Ayao ankatsika kuchokera kumpoto chakum'mawa nkumalanda midzi ya kumapiri, ndipo kuchokera ku Zambezi kunkabwera magulu a mfuti osaka akapolo. Mackenzie adamwalira mu Januwale 1862, ndipo otsala adasamukira kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa ya lero. Nyengo yotsatira mvula idakana. Pamene David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire kumayambiriro kwa 1863, adapeza midzi imene adaisiya yodzaza anthu ili mabwinja, ndipo mitembo inkayandama pamadzi.

Chilala chotere Amang'anja adachionapo kale nkupulumuka. Chimene chidachisandutsa chaola ndi nkhondo, imene idadula njira zonse zothawirapo nthawi imodzi. Anthu sakadatha kulima minda ya kutali ndi mudzi poopa kugwidwa. Sakadatha kuyenda ndi mchere kapena makasu kukasuma kwa anzao. Othawa kumapiri adaunjikana m'mbali mwa mtsinje, ndipo madimba amene ankakwanira mabanja owerengeka sadathe kudyetsa chikhamu chonsecho. Ena adadzipereka okha mu ukapolo kuti apeze chakudya.

Tionenso amene adatuluka m'tsokalo ali amphamvu kuposa kale. Amakololo, amene Livingstone adabwera nao kuchokera kumtunda kwa Zambezi, adali owerengeka chabe, koma adali ndi mfuti. Anthu anjala ndi amantha adathawira kwa iwo, nawalimira, ndipo m'zaka zochepa alendo aja adasanduka mafumu a chigwacho. Maina monga Kasisi, Maseya ndi Katunga, amene tiwamva m'boma la Chikwawa mpaka lero, adachokera pamenepo. Apa mbiri itiphunzitsa chinthu chowawa chimene tidzachionanso kutsogoloku: tsoka la nyengo silingoononga chuma ai, limachisamutsanso, kuchichotsa m'manja mwa ambiri nkuchiika m'manja mwa ochepa amene adali ndi chotetezera.

Nthaka igawidwa, ndalama ilowa

Dziko lino litakhala pansi pa Angerezi mu 1891, tanthauzo la chuma lidayamba kusintha. Boma la Harry Johnston lidapereka makalata otsimikiza kuti gawo lalikulu la nthaka yabwino ya kumapiri a Shire ndi la makampani ndi azungu a minda. Anthu okhala pa nthaka imeneyo adasanduka alendo pakwao, olipira malo ndi ntchito ya thangata, ndipo miyezi imene mwini esiteti ankawafuna kwambiri idali miyezi yomweyo imene minda yao inkafuna khasu. Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique adalowa m'maesiteti ambirimbiri, opanda nthaka yaoyao ndi opanda abale apafupi. Kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 kudaphulika pa nthaka yoteroyo.

Msonkho wa nyumba udafuna ndalama, ndipo ndalama idatulutsa amuna m'midzi. Ena adapita ku migodi ya Johannesburg, ena ku minda ndi migodi ya Southern Rhodesia. Amene ankatumiza ndalama adalemeretsa nyumba zao, koma ena adasanduka machona, nasiya akazi akulima okha. M'chigwa cha Shire thonje lidabweretsa ndalama kwa zaka zingapo, kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, pamene madzi a nyanja ya Malawi adakwera, mtsinje nkusefukira, nkumiza madimba ambiri kwa nthawi yaitali. Pofika 1948 anthu a kumwera adali atagawikana m'magulu amene makolo ao sadawadziwe: olembedwa ntchito ndi boma kapena mishoni, amalonda, olima fodya, okhala m'maesiteti, ndi unyinji wa amayi osunga mabanja popanda malipiro alionse.

Njala ya 1949

Mvula idayamba bwino chakumapeto kwa 1948, koma idadula chimanga chikadali chaching'ono, ndipo pamene inkabweranso mbewu zidali zitauma kale. Chilalacho chidakuta dera lalikulu, koma imfa zambiri zidachitika m'boma la Blantyre, makamaka cha ku Lunzu, chakumapeto kwa 1949 ndi kumayambiriro kwa 1950. Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby lidaitanitsa chakudya chokwana matani pafupifupi 25,000 kuchokera kunja, ngakhale chidachedwa kufika. Chiwerengero cha boma chidati anthu akufa sadapitirire 200, koma ofufuza ambiri aona kuti adali ochuluka kuposa pamenepo.

Akuluakulu a boma adafotokoza njalayo mwa njira yowakomera. Adati anthu achulukana, aononga nthaka, ndipo asiya chimanga nkuthamangira fodya. Megan Vaughan, amene adafunsa anthu a ku Lunzu ndi kumvetsera nyimbo za amayi za pamtondo, adatulutsa buku mu 1987 limene lidatsutsa maganizo amenewa. Adaonetsa kuti olima fodya ambiri adapulumuka chifukwa adali ndi ndalama zogulira chakudya. Adaonetsanso kuti bungwe la Maize Control Board, limene boma lidalikhazikitsa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, linkagula chimanga pa mtengo wotsika ndi kuletsa malonda a pakati pa anthu, kotero kuti alimi adafooka kulima choposa chao.

Tikayang'ana amene adadya ndi amene adagona ndi njala, mzere wake uoneka bwino. Antchito a boma, a mishoni ndi a makampani adalandira chakudya kwa owalemba ntchito, kwaulere, pa mtengo wotsika kapena pa ngongole. Amalonda ndi amisiri adagula. Amuna ambiri adapita kukasuma ku Mwanza, ku Neno, ku Ntcheu ndi ku Mozambique, ndipo ena adabwerera ndi matumba, koma ena adakwatira komweko osabweranso. Kumudzi kudatsala amayi, ana ndi nkhalamba. Mayi amene ankapeza ndalama pofulula mowa adasowa chimera. Ogawa chakudya a boma ankaganiza kuti mkazi aliyense wokwatiwa ali ndi mwamuna womudyetsa, motero mkazi wosiyidwa, amene mwamuna wake adali moyo koma kutali, kawirikawiri sankawerengedwa pakati pa osowa. Misasa yodyetserako anthu idatsegulidwa mochedwa, ambiri atafooka kale.

Timati chibale ndi fupa, sichiola. Chaka cha 1949 chidayesa mwambi umenewu koopsa. Mboni za nthawiyo zidasimba kuti njala itakula, chidyerano chidatha, aliyense nkumadyera m'nyumba chitseko chili chotseka, ndipo abale a patali adayamba kukanidwa. Chuma chakale, chija cha anthu, chidali chitafooka, pamene chuma chatsopano, cha ndalama ndi malipiro, chidali m'manja mwa ochepa, makamaka amuna. Amene adafa ndi aja amene adagwa pakati pa ziwirizi.

Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India, adaipatsa mfundo imeneyi maziko ake m'buku la 1981, atafufuza njala ya ku Bengal ya 1943. Iye adati munthu afa ndi njala pamene wataya mphamvu yopezera chakudya, kaya mphamvuyo ichokera ku munda wake, ku malipiro, ku malonda kapena ku thandizo la ena, ndipo izi zingachitike chakudya chili chodzaza pa msika. Yankho la boma la atsamunda lidalunjika kwina. Lidakakamiza anthu malamulo a malimidwe, a mizere ndi migula, ndi chindapusa kapena ndende kwa okana, ndipo mkwiyo wa malimidwe udathandiza kukulitsa Nyasaland African Congress m'zaka za m'ma 1950.

Njala ya 2002

Boma la Malawi wodziimira payekha lidakumbukira 1949. ADMARC, imene idakhazikitsidwa mu 1971, idali ndi misika m'midzi yambiri, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kudamangidwa nkhokwe zazikulu za dziko ku Kanengo. Koma nthaka yambiri yabwino idapitanso ku maesiteti a fodya a anthu a maudindo, ndipo mlimi wamba adatsala ndi kamunda kocheperachepera. Kalata ya Aepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, imene idawerengedwa m'chaka cha chilala chachikulu, idatchula poyera za kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka.

Mu 2001 mvula yambiri ndi madzi osefukira zidachepetsa zokolola m'zigawo za pakati ndi kumwera. Kuchepa kwakeko kudali kocheperapo kuyerekeza ndi kwa 1992, komabe anthu ambiri adafa. Chifukwa chake tichipeza m'nkhokwe. Bungwe losunga chakudya cha dziko, lokhazikitsidwa mu 1999, lidali ndi chimanga choposa matani 160,000. Bungwe la IMF lidalangiza kuti mbali ina igulitsidwe pofuna kubweza ngongole, koma pafupifupi chonse chidagulitsidwa, ndipo china chidagwera m'manja mwa amalonda a m'dziko momwemo amene adachisunga kudikira mtengo. Pofika Januwale 2002 mtengo wa chimanga udali utakwera kanayi, kwina kuposa pamenepo, pamene mtengo wa mbuzi ndi nkhuku udagwa pansi popeza aliyense ankagulitsa. Mabanja ambiri adali atafooka kale ndi matenda a Edzi. Mipingo ndi mabungwe ena adafuula kwa miyezi, ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi kumapeto kwa Febuluwale 2002.

Apa tiona bwino lomwe zimene mmphawi achita kuti apyole chaka choipa. Apita ku ganyu m'munda mwa mnzake wolemera pa nthawi imene munda wake ufuna kupalira. Adya mbewu yobzala. Agulitsa ziweto ndi malata a pa denga. Atenga katapila, kapena abwereketsa munda wake. Achotsa mwana pa sukulu, mwina nkumukwatitsa msanga. Njira iliyonse mwa izi imupulumutsa lero pomudyera mawa lake, ndipo amene agula mbuzi, malata ndi munda pa mtengo wa njala ndi uja wa nkhokwe yodzaza. Zimene zidachitika kwa Chibisa mu 1863 zidachitikanso m'midzi yathu mu 2002, mfuti itasanduka ndalama.

Zaka za madzi

Tsopano tafika pa kusintha kwa nyengo kwenikweni. Utsi wa malasha ndi mafuta, umene maiko a mafakitale akhala akuutulutsa kwa zaka zoposa 150, watenthetsa dziko lapansi ndi digiri yoposa imodzi. Mpweya wotentha usenza chinyezi chochuluka, ndipo nyanja yotentha ipatsa anamondwe mphamvu. Kwa ife izi zitanthauza mvula yoyamba mochedwa, yodula pakati, kapena yogwa ya mwezi wathunthu m'masiku atatu. Mu Januwale 2015 madzi osefukira adasamutsa anthu pafupifupi 230,000, makamaka ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe. Nyengo yotsatira kudagwa chilala chimene chidasiya anthu oposa 6 miliyoni akusowa chakudya. Namondwe wa Idai adabwera mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, naononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28.

Woopsa kuposa onse adali Freddy, amene adayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, nakhala masiku 36, kutalika kumene sikudalembedwepo kale. Atafika kumwera kwa Malawi pakati pa mwezi wa Malichi, anthu oposa 670 adafa, oposa 500 adasowa, ndipo oposa 650,000 adasiya nyumba zao. Mu mzinda wa Blantyre mvula idagwa ku Namiwawa ndi ku Sunnyside monga idagwera ku Chilobwe ndi ku Manje. Koma matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zidakwirira anthu amene adamanga m'mapazi ndi m'nthiti mwa phirilo, m'nyumba za zidina ndi dothi. Malo athyathyathya ndi okonzedwa bwino a mzindawo adagawidwa kale m'nthawi ya atsamunda, ndipo mtengo wake lero mmphawi sangaufike. Mitengo ya m'phirimo idathera ku nkhuni ndi makala, ntchito ya anthu amene alibe ntchito ina, ogulitsa kwa anthu amene alibe magetsi odalirika.

Tsoka likachitika timva mawu akuti anthu adachenjezedwa koma sadamvere. Mawu omwewo anenedwa za anthu a ku Nsanje amene abwerera kumadimba madzi akaphwa. Tisathamangire kuwaweruza. Kumtunda kumene auzidwa kuti asamukire nthaka ili ndi eni ake ndipo ndi youma, pamene dimba lidyetsa banja chaka chonse. Amene ali ndi chuma amanga nyumba kumtunda nkusungabe munda kumadzi, monga ankachitira makolo. Mmphawi asankha pakati pa chigumula chimene mwina chibwera ndi njala imene ibwera ndithu.

Kodi ndalama yokha ikwanira?

Kusiyana kumene taona pakati pa nyumba ndi nyumba kulinso pakati pa dziko ndi dziko, ndipo zitsanzo ziwiri zakunja zitithandiza kuyesa mfundo yathu. Usiku wa pa 31 Januwale 1953 nyanja idaswa makoma a dziko la Netherlands nkupha anthu 1,836. Dzikolo lidayankha ndi ntchito yaikulu ya makoma ndi zitseko za nyanja imene idatha mu 1997, ndipo tsoka lotere silidabwerezedwenso. Apa chuma chidagula chitetezo. Africa yense atulutsa gawo losafika 4 pa 100 la mpweya wotenthetsa dziko, komabe alibe ndalama zomangira makoma otere. Makolo adati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, koma pa nkhani iyi nkhuyu adadya wamkulu, wopotedwa ndi mwana. Ndicho chifukwa chake Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, adaphunzitsa kuti maiko olemera ali ndi ngongole kwa maiko osauka pa nkhani ya chilengedwe. Ku Copenhagen mu 2009 maiko olemera adalonjeza madola 100 biliyoni pa chaka pofika 2020, lonjezo limene lidakwaniritsidwa mochedwa, ndipo thumba lolipirira zoonongeka lidavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022.

Chitsanzo chachiwiri chitiletsa kutaya mtima. Mu Novembala 1970 namondwe adapha anthu osachepera 300,000 m'dziko limene lero ndi Bangladesh. Mu 1991 wina adapha pafupifupi 138,000. Dzikolo, likadali losauka, lidamanga nyumba zolimba zothawiramo zimene masiku ena onse zikhala sukulu, ndipo lidaphunzitsa anthu odzipereka zikwi zambiri, amayi ndi abambo, oyenda khomo ndi khomo kuchenjeza anzao. Namondwe wa Amphan atafika mu 2020, anthu oposa 2 miliyoni adasamutsidwa nthawi ilipo, ndipo akufa m'dzikomo sadafike 100. Chimene chidapulumutsa anthuwo ndi chuma chochepa choikidwa pamodzi, chofika kwa wosauka kopanda kumufunsa kuti ali ndi zingati m'thumba.

Mawu otsiriza

Tikaphatikiza zonsezi, tipeza kuti funso lakuti dziko lili ndi chuma chochuluka bwanji lili ndi mnzake wofunika koposa, ndilo lakuti chumacho chili mwa mtundu wanji ndipo chitsegukira yani pa tsiku loipa. Chuma cha m'thumba chiteteza mwini wake yekha, ndipo pa chaka cha njala chikula podya cha anansi. Chuma cha onse, monga nkhokwe ya dziko yosungidwa mokhulupirika, msika wa ADMARC wokhala ndi chimanga mu Januwale, mlatho wolimba, sukulu yomangidwa pa chitunda, malo a nyumba ogawidwa mwachilungamo m'mizinda, ndi mbewu zopirira monga mapira, chinangwa ndi nandolo, ndicho chidyerano cha masiku ano. Nthawi zinayi zonse zimene taona, anthu adafa pamene chuma cha mtundu wachiwiriwu chidaphwasuka: mu 1862 ndi nkhondo, mu 1949 ndi malamulo osaona mkazi wosiyidwa, mu 2002 ndi nkhokwe yogulitsidwa, mu 2023 ndi mzinda wopanda malo a osauka.

Ambiri a inu owerenga mutumikira, kapena mudzatumikira, m'maparishi a m'mbali mwa Shire ndi Ruo, m'tsinde mwa Mulanje ndi Michesi, kapena m'makwalala a Ndirande ndi Bangwe. Madzi akabwera, tchalitchi ndi sukulu ya mishoni ndizo zikhala msasa woyamba, ndipo kawirikawiri mudzafunsidwa kuthandiza polemba maina a oyenera kulandira ufa. Pa tsiku limenelo kumbukirani 1949. Amene adzafika msanga pa mzere ndi aja odziwa kulankhula ndi okhala ndi abale m'komiti. Gogo wolera adzukulu, mayi amene mwamuna wake adapita ku Johannesburg osatumiza kanthu, ndi mlendo wopanda mbumba, amenewa muyenera kuwadziwa maina ao ndi makomo ao mvula isanayambe.